Geti Lachitatu Linamva Zonse

Ntchito yanga ndi yosunga mauthenga amene sanayankhidwe. Anthu akamva zimenezi amayesa ndimagwira ku positi ofesi. Ndimangowasiya.

Pakampani pathu tilipo atatu: alamu anga, amene ndi eni ake, mwana wanga wamkazi, ndi ine. Ofesi ndi chipinda chimodzi kuseri kwa malo omatira matayala. Muli tebulo la zipsera, ketulo, ndi fani imene inathyoka phiko limodzi. Timapanga timabokosi ta wailesi totsegula ndi kutseka mageti a galimoto, aja a mkono wachitsulo umene umakwera ndi kutsika.

Zimayenda chonchi. Mlonda akadina batani m'kanyumba kake, kabokosi kake kamaponya uthenga m'mwamba: tsegula. Kabokosi ka pageti kakaumva, kamayankha kuti ndamva. Koma m'mwamba si mwa munthu. Lole ikaima pakati, kapena wina akayatsa makina owotcherera zitsulo, uthenga umathera m'njira. Choncho kabokosi ka mlonda kamasunga uthenga uliwonse umene katumiza. Malo osungirawo timawatcha thumba, ndipo mumalowa mauthenga mazana asanu. Yankho likabwera, uthenga umachoka m'thumba. Likapanda kubwera, umatumizidwanso.

Mkangano wathu unali pa funso limodzi: kangati?

Alamu amati katatu, kenako utayidwe. Mwana wanga, amene anapitira kusukulu zimenezi ndipo alamu amamutcha Injiniya, amatinso katatu. Pulogalamu ya thumba ndinalemba ndine. Ndinalemba kuti mpaka utayankhidwa.

"Alamu, ngakhale Mulungu amatopa ndi mapemphero a munthu mmodzi," ankatero alamu.

"Alibe thumba langa."

Awa anali mawu anga a tsiku lonse. Pantchito amanditcha Amlaliki.

Malemu mkazi wanga, mlongo wa alamuwa, anali munthu wa katatu. Chinthu ankachinena kamodzi, kawiri, katatu, basi. Ankati kachinayi bola kuuza khoma, chifukwa khoma silinamizira kuti likumvetsera. Atatsala pang'ono kupita kuchipatala kumene sanabwereko, anandiuza pamene anaika kiyi ya kabati ya kuchipinda. Ine ndinali patebulo lodyera, ndikulumikiza mawaya. Ndikukumbukira kuti ananena. Ndikukumbukira kuti anabwereza. Ndikukumbukira kuti kachitatu anayamba ndi mawu akuti, "Inu a Khoma." Malo ake okha ndi amene sindikukumbukira.

Kabatiyo yakhala yokiya zaka zisanu ndi chimodzi. Muli mabulangete, zithunzi, ndi jekete langa la suti. Pamaliro ndinavala jekete lobwereka kwa alamu, ndipo alamu ndi anthu a mimba. Ndinkaoneka ngati ambulera yopinda. Iwo anati tiswe loko. Ndinakana. Kiyi ilipo. Chinthu chimene kiyi yake ilipo sachiswa.

Thumba ndinalilemba chaka chomwecho. Palibe anandifunsa chifukwa, ndipo sindinauze munthu.

Lachisanu lina m'mawa foni ya alamu inalira. Anaimvera ataimirira, anamaliza atakhala pansi. Anali mayi mwini nyumba ya masitolo, kumene tinaika timabokosi pa mageti atatu: awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo la malole. Onse anali atafa. Mayiwo anati afika 2 koloko, ndipo akapeza mageti sakutseguka, azula timabokosi tathu ndi manja awo n'kuitana anthu ena.

Alamu anaika foni patebulo mosamala, ngati dzira.

"Ndi thumba lanu lija."

Ndinapitiriza kulumikiza mawaya anga.

"Amlaliki, tamverani. Ndakupirirani chifukwa cha mlongo wanga, ndipo mlongo wangayo anakupirirani sindidziwa chifukwa cha ndani. Lero ndi lero. Ikakwana 2 koloko mageti asanatseguke, Lolemba musabwere. Mukapume. Mukakhale ndi kabati yanu, muzikayang'anana."

Nyumba yanga ndimaidziwa m'mawa ndi madzulo. Loweruka ndimagwira ntchito, Lamulungu ndimapita kukasesa ku ofesi. Chimwalirire mkazi wanga sindinakhalemo masana, ndipo sindifuna kudziwa mmene mumamvekera. Ndinanyamula bokosi langa la zida.

Ine ndi Injiniya tinakwera basi. Alamu anati atipeza, ayambe atsukitsa galimoto. Inali yatsopano, ya milungu itatu, mipando ikadali m'mapulasitiki. Munthu wonyamula bokosi la zida sankaloledwa kukweramo.

Tinamva malowo tisanawaone. Magalimoto anali atandanda mpaka mumsewu, onse akuliza hutala. Mlonda, bambo wamtali wa ndevu za imvi, ankathamanga pakati pa mageti awiri a kutsogolo, kukweza mkono uwu ndi phewa, kuutsitsa, kuthamangira winawo. Yunifolomu inali itamatirira kumsana.

"Mwabwera eni ake a ufitiwu!" anakuwa atationa. "Abwana, ine anandilemba ntchito yodina batani. Yonyamula zitsulo ndi ya bulu."

Tinalowa m'kanyumba kake. Munali mpando, wailesi yamabatire, kapu ya tiyi wozizira, ndi kabokosi kathu kukhoma, kali ndi nyali yofiira. Injiniya analumikiza laputopu. Sanachedwe.

"Ababa, thumba ladzaza. Mazana asanu, ndendende. Uthenga watsopano ulibe polowa, n'chifukwa chake mageti a kutsogolo sakumva kanthu." Anatsitsa mndandanda ndi chala. "Ndipo onsewa ndi a geti lachitatu. Tsegula, tseka, tsegula, tseka. Woyamba ndi wa masiku khumi ndi awiri apitawo."

Anasuzumira pawindo. "Alonda, geti la kumbuyo linatani?"

"Analizimitsa okumba ngalande aja. Amaliza dzulo, simenti ikadali yaiwisi."

"Ndiye mumadiniranji batani la geti lozimitsa?"

Mlonda anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mayi, simuwadziwa oyendetsa malole. Ukamuuza kuti geti lafa, amati ndi ulesi wako. Ndiye ndimamuitana pawindo pano, ndimati taona wekha, mphwanga. Ndadina tsegula. Latseguka? Ndadina tseka. Latani? Wina sakhulupirira mpaka adine yekha. Wina anadina kakhumi, akuti ine ndilibe dzanja labwino."

Injiniya anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anatulutsa kafulashi m'thumba la buluku n'kukaika patebulo pakati pathu. Ndinkakadziwa. Munali pulogalamu yake ya thumba, imene analemba chaka chatha, ndipo kanakhala kakuyenda naye ngati mankhwala a mphumu.

"Mphindi ziwiri, ababa. Titaye onsewa, tiikemo yanga, tizikamwa tiyi."

"Ayi."

"Ababa."

"Mauthengawo ali ndi mwini wake."

"Mwini wakeyo ndi wozimitsa!"

"Timuyatse."

Kwa ine nkhani inali yowongoka. Geti silinafe, linangogona. Likadzuka liyankha, thumba lipepuka, mageti onse ayenda, ndipo palibe uthenga umene utayike. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkadikira tsiku loti alamu aone zimenezi ndi maso awo.

Ndinafunsa mlonda kumene kuli maswichi. Analoza kachipinda ka magetsi, kuseri kwa khoma la kumbuyo. Nthawi yomweyo foni ya Injiniya inalira. Ndinamva akuti, "Ee, amalume, kutsogolo kwadzaza, zungulirani," koma ine ndinali nditatuluka kale. Mlonda anandipitirira akuthamanga, kulowera ku geti la kumbuyo. Sindinafunse chimene akukatenga.

Kachipindako kanali ka mdima, konunkha fumbi ndi makoswe. Maswichi anali pamzere, ndipo wina anali atamata kapepala pa imodzi: GETI 3 OSAYATSA. Okumba ngalande anali atapita. Ndinachotsa kapepalako n'kukapinda bwinobwino.

Injiniya anaima pakhomo, laputopu ili m'manja, akupuma mwamphamvu.

"Ababa, dikirani kaye."

Ndinkafufuza tochi m'bokosi.

"Ababa, ndati dikirani, pali nkhani."

Tochi ndinaipeza. Ndinkawerenga manambala a pa swichi.

"Ababa!"

Anatseka pakamwa. Ndi mwana wa mayi ake. Ndinakweza swichi.

Kunja kunamveka kulira kwa mota. Kenako, gu!

Panapita kamphindi. Gu!

Tinazungulira khoma. Galimoto ya alamu inali pansi penipeni pa geti lachitatu. Mlonda anali atawakwezera mkono ndi phewa kuti alowe, iwo n'kuona simenti yaiwisi patsogolo, n'kuima pomwepo, n'kutsika kuti akaone ngati matayala adetsedwa. Waya wa pansi, amene amauza geti kuti pali galimoto usatsike, okumba ngalande anali atamudula ndi piki. Tsopano geti linali maso. Linkalandira mauthenga ake onse, umodziumodzi, mwa dongosolo lake, monga ndinalembera. Tsegula: mkono m'mwamba. Tseka: mkono pa boneti.

Gu!

"Alamu! Alamu, chiletseni! Mayo ine, galimoto yanga!"

Alamu anayesa kulowa kuti abwerere m'mbuyo, koma m'chipwirikiticho makiyi anagwera mu simenti. Anayesa kugwira mkono. Mkono unakwera ndi jekete lawo, n'kutsika nalo. Mlonda anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, ngati kukudutsa maliro.

"Kasanu ndi kawiri," anatero chapansipansi. "Kasanu ndi katatu."

Ine ndinali nditatenga laputopu. Manambala ankatsika. Malo anayamba kupezeka m'thumba. Kutsogolo wina wa m'sitolo analowa m'kanyumba ka mlonda n'kudina batani, geti loyamba linakwera lokha, ndipo mahutala onse anasanduka a chisangalalo.

"Zikuyenda," ndinatero.

"Zikuyenda?" Alamu anatembenuka, maso ali psuu. "Zikuyenda chiyani, Khoma iwe? Mlongo wanga, dzuka udzaone chimene unatisiyira!"

Gu!

Amene anathamanga kukazimitsa ndi Injiniya. Mkono unaima m'malere, jekete likulendewera. Mlonda anati unamenya makumi atatu ndi kamodzi. Boneti inali ngati beseni lochapira lakale. M'thumba munatsala mauthenga mazana anayi ndi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, onse akudikira mwaulemu kuti geti liyakenso.

Alamu anakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Mlonda anayang'ana mkono uja, n'kupukusa mutu.

"Abwana, musalikwiyire getili. Ndi lomvera kuposa ana anga. Koma likutsegulira malole a sabata yatha. Anthuwo anatukwana kale, anapita kale, ena afika kale kwawo."

Mlonda sanapite kusukulu ya zimenezi. Ndinayang'ana mndandanda uja. Uthenga uliwonse unali wathunthu, wopanda chilema, monga unatumizidwira. Ndinali nditausunga bwino. Kungoti munthu amene unkamutsegulira panalibe, ndipo amene analipo ndi alamu.

Inali 1 koloko itapitirira ndi theka. Mageti awiri ankayenda, koma mayi aja anati atatu. Ndinakhala pa bokosi langa la zida n'kutambasula dzanja. Injiniya anaikamo kafulashi.

Ndinawerenga pulogalamu yake mzere ndi mzere. Ndinali ndisanaiwerengepo chiyambire. Geti lililonse analipatsa kathumba kakekake, kuti logona lisatsekereze anzake. Uthenga uliwonse anaupatsa moyo wa masekondi khumi. Akatha, utayidwe, ndipo nyali ya mlonda ithwanime kuti adziwe kuti sunafike. Inali ntchito yaukhondo. Ndinafuna polakwika, sindinapapeze.

Ndinasintha nambala imodzi, ya kubwereza uthenga. Pamene panali 3 ndinaikapo 4.

Laputopu inafunsa ngati ndikufunadi kutaya mauthenga onse a m'thumba. Injiniya anati, "Ndidine ine?" Ndinapukusa mutu. Ndinadina ndekha. Sizinatenge ngakhale sekondi. Ndimayesa pamveka kanthu, koma panangolembedwa 0.

Tinavuula makiyi mu simenti ndi waya, tinakankhira galimoto m'mbuyo, ndinalumikiza waya wa pansi uja n'kumukulunga tepi. Injiniya anayatsa swichi. Mkono sunagwedezeke. Mlonda anapita kukadina tsegula, unakwera. Tseka, unatsika, pang'onopang'ono, ngati sunalakwirepo munthu.

Mayi mwini nyumba anafika itangokwana 2 koloko. Anali aafupi, a chikwama chachikulu. Anadina okha mabatani onse atatu, kawirikawiri. Anayenda mpaka kumbuyo, anaona geti, anaona galimoto.

"Nanga chiphakasa ichi n'cha ndani? Chichoke, chikuthawitsa makasitomala."

Alamu anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Aka kanali koyamba kuwaona akuchita zanga.

Mayiwo atapita, alamu anatsitsa jekete lawo pa mkono uja, n'kulikung'untha. Linali litang'ambika kumsana. Anafunsa Injiniya, osandiyang'ana ine, ngati thumba lakonzedwa.

"Lakonzedwa, amalume. Akonza okha."

"Katatu?"

"Kanayi," ndinatero.

"Kanayi! Mwamva, alonda? Munthu wandiphera galimoto, koma akufunabe kupambana ndi kamodzi." Anandiloza ndi chala. "Mageti atseguka isanakwane 2 koloko. Ndinanena ndekha, ndipo ine si munthu wobweza mawu. Komanso ndikakuchotsani lero, zinyalala zanu za mu ofesi ndizinyamula pa chiyani? Lolemba mubwere. Koma pulogalamu ndi ya Injiniya. Inu muzigwira mawaya, ndipo swichi iliyonse muziyamba mwapempha."

Ndinavomera ndi mutu. Mawaya ndimawakonda.

Alamu anatsala akudikira galimoto yodzakoka yawo. Ine ndi Injiniya tinakwera basi. Tinapeza mpando wa kumbuyo, bokosi la zida lili pamiyendo panga.

"Ababa, chifukwa chiyani kanayi?"

Ndinayang'ana pawindo. Munthu ankakankha wilibala ya mipando yapulasitiki.

"Mayi ako akananena kachinayi, ndikanamva za kiyi."

"Kiyi iti?"

"Ya kabati."

Anatembenuka thupi lonse. "Kiyi ya kabati? Ababa, mukutanthauza kuti zaka zonsezi simukudziwa pamene ili? Ine ndimayesa simufuna kutsegula!"

"Iwe ukudziwa?"

"Amayi anandiuza kuchipatala. Anati, bambo ako ndawauza katatu. Akadzafunsa udzawauze, akapanda kufunsa asiye, aone mmene zimakomera."

"Sunanene bwanji?"

"Simunafunse."

Mayi wina wa pampando wa kutsogolo anatembenuka kuti aone nkhope ya munthu wake. Ndinamulola aone.

"Ili kuti?"

"Mwaikhalira tsiku lonse. M'bokosi lanulo, kunsi kwa kathireyi ka misomali. Anaimata ndi tepi. Anati ndi chinthu chokhacho m'nyumba muja chimene simungataye, komanso chimene simungatsuke."

Ndinatsegula bokosi. Kathireyiko ndakhala ndikukatukula tsiku ndi tsiku, koma sindinakatembenuzepo, chifukwa misomali ingatayike. Ndinapisa dzanja kunsi. Tepi inali itauma, ndipo pansi pake panali kanthu kolimba, ka mano.

"Ndanena kamodzi, ababa. Ndibwereze?"

"Ndamva," ndinatero.

Kabati ndinaitsegula Lamulungu masana. Ku ofesi sindinapite kukasesa. Mabulangete anali bwinobwino. Zithunzi ndinaziona zina, zina ndinasiyira tsiku lina. Jekete linali pamene analipachika, ndipo njenjete zinangodya thumba limodzi.

Lolemba ndinalivala popita kuntchito. Alamu anafika mochedwa, wapansi kuchokera pa siteji, nsapato zili mbuu. Anaima pakhomo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ananunkhiza.

"Amlaliki, mwaswa loko?"

"Kiyi."

Anakhala kanthawi ali chiimire. Kenako anavula jekete lawo losokedwa kumsana, n'kulipachika pa msomali.

"Tabandikani ketulo," anatero. "Tabandikani ketulo. Ndati tabandikani ketulo."

Ndinadikira kachinayi, kenako ndinadzuka.